Kuyeza ndi kuveka munthu ma contact lens kuno ku Lilongwe: mmene ndimachitira ine

Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene mwangomaliza kumene maphunziro a maso ku Mzuzu University kapena ku Malawi College of Health Sciences, ndipo mwapeza ntchito kuno ku Lilongwe. Ntchito yathuyi ikadali yanthete. Maphunziro a optometry ku Mzuni anayamba mu 2008, choncho akuluakulu oti tiziwaonera dzanja pa nkhani ya ma contact lens, malenzi ovala pa diso penipeni, ndi owerengeka. Mabuku amene tinawerenga analembedwa kumayiko kumene madzi a pampopi sasiya kutuluka, ndipo lenzi imene waitanitsa lero imafika mawa lake. Zoyezayeza za m'mabukumo ndi zoona ndipo muzigwiritsa ntchito. Koma chimene chimapulumutsa kapena kuononga diso la munthu chimachitikira kunyumba kwake, pamene inu palibe. N'chifukwa chake ine ndimati ntchito yoveka lenzi imayambira pa kufunsa, ndipo siinathe mpaka munthuyo atabweranso kudzaonedwa.

Musanakhudze diso, chezani naye. Funso langa loyamba ndi loti akufuniranji malenzi. Wina amasewera mpira wamanja ndipo magalasi amamugwa. Wina ndi mkwatibwi amene sakufuna magalasi pa zithunzi za ukwati. Wina magalasi ake ndi okhuthala kwambiri moti amachita nawo manyazi ku ofesi. Wina magalasi samuthandiza n'komwe, wasintha kangapo koma bolodi m'kalasi saliona. Womalizayu musamuphonye, ndipo ndimukamba payekha m'munsimu.

Funso lachiwiri ndi la madzi. Ndimafunsa mosapsatira kuti, "Mayi, kunyumba madzi mumatunga kuti? Mpopi ukauma mumatani?" Ena amadabwa, ena amaona ngati ndikuwayeza chuma, ndiye ndimafotokozeratu chifukwa chake. Munthu wa ku Area 47 amene ali ndi thanki kuseri kwa nyumba ndi munthu wa ku Chinsapo kapena Mtandire wotunga pa kiyosiki n'kusunga m'ndowa masiku awiri, onsewa akhoza kuvala malenzi, koma mtundu wa lenzi ndi malangizo ake sangafanane. Madzi a m'thanki nawonso si oti n'kuwakhulupirira. Kachirombo kotchedwa Acanthamoeba kamakhala m'madzi a pampopi, a pamjigo, a pachitsime, a m'thanki ndi a ku nyanja komwe. Kakakakamira pa lenzi n'kulowa mu cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamapanga chilonda chopweteka koopsa, chovuta kuchizindikira, ndipo mankhwala ake sapezeka wambawamba. Choncho funsani za madzi mpaka mumve bwinobwino mmene munthuyo amasambira m'manja m'mawa.

Kenako ntchito yake. Wa kabaza amakhala mu fumbi ndi mphepo tsiku lonse. Wogwira ntchito ya fodya ku Kanengo amakhala mu fumbi losalala lolowa paliponse. Mayi wophika pa mbaula kapena pa nkhuni m'khitchini yopanda zenera amakhala mu utsi. Wa pa kompyuta ku City Centre saphethira mokwanira, ndipo m'maso mumauma dzuwa likamapendeka. Mwana wa sukulu yogonera komweko funsani ngati ali ndi malo osungira kabokosi ka malenzi amene anzake sangakagwiregwire. Kumbukiraninso nyengo. Munthu amene mwamuveka lenzi mu February, mvula ili mkati, akhoza kudzadandaula mu September kapena October fumbi litabuka, ndiye muuzirenitu kuti asadzadabwe.

Za matenda funsani shuga, funsani ngati ali oyembekezera, ndipo funsani mwaulemu ngati ali pa mankhwala a nthawi yayitali, kuphatikizapo ma ARV. Kukhala ndi HIV sikuletsa munthu kuvala lenzi, koma kuuma kwa maso kumachuluka, ndipo ngati chitetezo chatsika kachilonda kakang'ono kamakula msanga. Mapiritsi a chimfine ndi ziwengo monga piritoni amaumitsanso maso. Funso limene anthu amakonda kubisa yankho lake ndi la zimene amadonthezera m'maso. Ambiri amagula okha mankhwala a dexamethasone chifukwa amayeretsa diso msanga, ndipo ena amathira mankhwala achikuda kapena mkaka wa m'mawere diso likafiira. Musamukalipire, chifukwa sadzakuuzaninso chilichonse. Koma dziwani kuti munthu wa chizolowezi chimenechi akavala lenzi diso n'kufiira, adzayamba wathira zomwezo asanabwere kwa inu.

Chomaliza ndi ndalama ndi mtunda. Ndani azigula malenzi ndi madzi ake otsukira mwezi ndi mwezi? Angathe kufika kwa inu tsiku lomwelo diso likavuta? Wokhala ku Kawale angathe. Wochokera kumudzi kupitirira Mitundu kapena Nsaru, nyengo ya mvula, n'zokayikitsa.

Kuyang'ana diso

Popanda slit lamp, makina ounikira ndi kukulitsa diso poliyang'ana, musaveke munthu lenzi. Apa sindinyengerera. Ngati pamalo panu palibe, mutumizeni kwa mnzanu amene ali nayo. Magetsi akazima mukhoza kupitiriza retinoscopy, kuyeza mphamvu ya maso ndi kuwala, ndi zida za mabatire, koma za lenzi zidikire magetsi abwere.

Tembenuzani chikope cha m'mwamba kwa munthu aliyense. Ambirife timadumpha zimenezi chifukwa wodwala sakondwera nazo, koma kuno kwathu n'kumene kumabisala nkhani. Achinyamata ambiri anakula ndi ziwengo za m'maso zija za vernal, maso oyabwa, oderako m'mbali mwa cornea, ndi timatuza kunsi kwa chikope. Lenzi ikakhala pa diso lotero imadetsedwa msanga, imakokedwa m'mwamba pophethira, ndipo kuyabwa kumawonjezeka. Chizani ziwengo kaye. Kwa achikulire mukhoza kupeza zipsera za trachoma. Bungwe la WHO linatsimikiza mu 2022 kuti dziko lathu lathana ndi trachoma ngati vuto la anthu ambiri, koma zipsera za kale zikadali m'zikope za anthu amene anadwala ali ana, ndipo zimakhudza misozi ndi kayendedwe ka lenzi. Onaninso m'mphepete mwa zikope ngati muli nkhanambo kapena timabowo ta mafuta tatsekeka.

Kanyama kaja komera kuchokera mbali ya mphuno, pterygium, n'kofala chifukwa cha dzuwa ndi fumbi. Kakakhala kakang'ono lenzi yofewa imatha kukhala, koma m'mphepete mwake mumatukuka ndipo pamenepo pamauma. Chotupa choyera chokhakhala, chokhala ndi mitsempha yokhuthala yochidyetsa, musachitche pterygium mwachangu. Khansa ya pamwamba pa diso timaiona ndithu m'dziko muno, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo ameneyo ndi wa kwa dokotala wa maso, osati wa lenzi.

Ikani utoto wa fluorescein, muuzeni aphethire kamodzi n'kusiya, muwerenge masekondi mpaka misozi itang'ambika. Pansi pa masekondi 10 khalani tcheru, pansi pa 5 ganizani kawiri. Lembani paliponse pamene cornea yagwira utoto. Mukatha tsukani diso ndi saline, madzi a mchere a kuchipatala, musanaike lenzi yofewa, chifukwa imamwa utotowo n'kusanduka yachikasu.

Kukana ndi mbali ya ntchito. Diso lofiira lero, zikope zodwala, misozi yochepa kwambiri, munthu wa diso limodzi lokha loona amene akufuna lenzi pofuna kuoneka bwino basi, onsewa ndimawauza kuti, "Bambo, lero ayi, tiyambe takonza ichi." Ambiri amamvetsa mukawaonetsa chithunzi cha chikope chawo pa foni.

Miyeso ndi kusankha lenzi

Yezani mphamvu ya maso mwatsopano, musakopere pa magalasi akale. Mphamvu ikapitirira 4.00, kaya kuchotsera kaya kuwonjezera, isintheni chifukwa lenzi imakhala pa diso penipeni pamene magalasi amakhala pafupifupi mamilimita 12 kutsogolo. Magalasi a -6.00 amafuna lenzi ya -5.50, a -10.00 amafuna -9.00, pamene a +10.00 amafuna pafupifupi +11.50. Matani tebulo la zimenezi pakhoma kuti musamawerengere pamtima wodwala akudikira. Silinda, mphamvu yokonzera diso lopindika mosafanana mbali zake, ikakhala 0.50 kapena kucheperapo, tengani theka lake muwonjezere pa sphere, mwachitsanzo -3.00 ndi silinda ya -0.50 ikhale -3.25. Kuyambira 0.75 kupita m'mwamba ganizirani lenzi ya toric, yokhala ndi silinda mkati mwake.

Pa keratometer, makina oyezera kupindika kwa cornea, cornea ya munthu wamba imakhala pafupi ndi mamilimita 7.80, amene ndi 43.25 D. Makina ambiri amene tili nawo ndi akale, ena anachita kupatsidwa, ndiye muziwayesa ndi kampira kachitsulo kaja kodziwika muyeso wake. Musamangolemba manambala, yang'anani ngati mizere yozungulira ija ili yosalala kapena yopindikapindika, chifukwa popanda topographer, makina ojambula mapu a cornea, chizindikiro chimenechi ndi chamtengo wapatali. M'lifupi mwa cornea yezani ndi rula wamba ya PD. Nthawi zambiri mupeza pakati pa mamilimita 11.5 ndi 12, ndipo lenzi yofewa iyenera kuposa pamenepo ndi mamilimita 2 kapena kuyandikira. N'chifukwa chake malenzi ambiri ogulitsidwa ali pakati pa 13.8 ndi 14.5, ndi base curve, kupindika kwa mkati mwa lenzi, ya pakati pa 8.3 ndi 8.9.

Posankha mtundu, ndikanakhala ndi mphamvu aliyense ndikanamupatsa malenzi ovala tsiku limodzi n'kutaya. Safuna kabokosi, safuna madzi otsukira, ndipo mwayi woti madzi a m'ndowa akhudze lenzi umachepa kwambiri. Vuto ndi mtengo. Malenzi onse amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo inakwera pamodzi ndi ya madzi otsukira. Chimene ndapeza kuti chimathandiza n'kufunsa kuti munthu azivala masiku angati pa sabata. Wovala Loweruka ku mpira ndi Lamulungu ku tchalitchi basi, malenzi a tsiku limodzi amamutsikira mtengo kuposa a mwezi, chifukwa a mwezi amatha ntchito pakatha masiku 30 chitsegulireni paketi, kaya wavala kawiri kokha. Wovala tsiku ndi tsiku amene madzi ndi ukhondo zili bwino, mupatseni a mwezi a silicone hydrogel, amene amalola mpweya wambiri kufika pa cornea kuposa akale aja a hydrogel.

Musaveke munthu mtundu umene simungathe kumupezeranso. Ndaona anthu atavala lenzi ya mwezi umodzi kwa miyezi 4 chifukwa oda yatsopano inachedwa ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu imene wokugulitsani amakhala nayo nthawi zonse, muidziwe bwino mmene imakhalira pa diso, ndipo muuzeni wodwala aitanitse ena akatsala ndi mwezi wathunthu. Onani tsiku lothera ntchito pa paketi iliyonse ikamafika. Aliyense wovala malenzi akhalenso ndi magalasi a mphamvu yake yatsopano. Wopanda magalasi sangavule lenzi diso likafiira, chifukwa alibe choonera popita ku ntchito.

Zogona ndi lenzi sindilola, ngakhale paketi italemba kuti n'zotheka. Bungwe la CDC la ku America limati kugona ndi lenzi kumachulukitsa mwayi wa matenda a cornea ka 6 mpaka ka 8, ndipo kumeneko chithandizo cha maso chimapezeka mosavuta kuposa kuno.

Lenzi ili pa diso

Sambani m'manja iye akuona, chifukwa phunziro layamba kale. Ikani lenzi, kenako musiyeni akhale panja mphindi 10 kapena 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha: lenzi imene mwaiyeza misozi ikadali mbwee imaoneka yotayirira, koma ikakhazikika imakhala ina. Mukamubwezera pa slit lamp onani ngati lenzi yaphimba cornea yonse poyang'ana kutsogolo, m'mwamba ndi m'mbali. Pophethira isunthe pang'ono, pakati pa mamilimita 0.2 ndi 0.5. Kankhani m'mphepete mwake kudzera pa chikope cha m'munsi: iyenera kukwera mosavuta n'kubwerera bwinobwino pamalo pake.

Lenzi yotayirira wodwala amaidandaula yekha, amaimva m'mphepete ndipo kuona kumasinthasintha. Yothina ndiyo yonyenga, chifukwa poyamba imakoma kwambiri. Munthu amati, "Adokotala, iyi ndiye sindikuimva n'komwe," koma siikusuntha, misozi siikulowa pansi pake, ndipo madzulo diso lidzafiira n'kusiya mzere pamene panathera lenzi. Ikathina sankhani base curve ya nambala yokulirapo kapena mtundu wina, ikatayirira chitani mosemphana. Mukakhutira ndi kakhalidwe kake, yezani mphamvu pamwamba pa lenziyo ndipo musawonjezere minus imene siikuwonjezera mzere pa tchati.

Pa toric pezani kachizindikiro ka m'munsi muone kumene kapendekera. Kakapita kumanzere kwanu wonjezerani madigiri amenewo pa axis ya magalasi, kakapita kumanja chotserani. Axis ya 90 ndi kachizindikiro kopita kumanzere ndi madigiri 10, itanitsani 100, ndipo lenzi yatsopanoyo idzapendekabe chimodzimodzi, musadabwe nazo.

Amene magalasi sawathandiza

Anthu amaganiza kuti ma contact lens ndi za a mtauni ofuna kutchena. Koma pali gulu limene kwa iwo lenzi ndiyo njira yokhayo yoonera, ndipo kwa ine amenewa ndiwo chifukwa chachikulu choti tiphunzire ntchitoyi mozama. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka zapakati pa 12 ndi 25, wotikita maso kuyambira ali mwana chifukwa cha ziwengo, silinda yake ikukwera chaka ndi chaka, magalasi samufikitsa pa mzere wa 6/6 pa tchati koma kuyang'anira pa kabowo ka pinhole kumamuthandiza, ganizirani keratoconus. Cornea imapyapyala n'kusongoka. Pa retinoscopy kuwala kumagawikana pawiri n'kumatsekuka ndi kutsekeka. Pa keratometer mizere imapindika ndipo muyeso umapitirira 47.00 D. Makina akale amathera pa 52.00 D, koma mukaika galasi la +1.25 kutsogolo kwake mumatha kuwerenga cornea yosongoka kuposa pamenepo pogwiritsa ntchito tebulo losinthira. Matendawa akakula mudzaona timizere tating'ono toima mkati mwa cornea, mkombero woderako kuzungulira nsonga, ndi chikope cha m'munsi chosongoka munthu akayang'ana pansi.

Ana amenewa amalephera mayeso, amatchedwa aulesi, makolo amagula magalasi ena ndi ena osaona kusintha. Lenzi yolimba ya RGP imapanga nkhope yatsopano yosalala kutsogolo kwa diso, ndipo misozi imadzaza mpata wotsala. Mwana amene amaona zala zokha patali amatha kuwerenga mizere ya m'munsi pa tchati tsiku lomwelo.

Pa ntchitoyi mufunika seti ya malenzi oyesera. Ndi yodula, ndiye ngati chipatala chanu sichingagule, gwirizanani ndi anzanu a mu mzinda muno muzibwerekana. Yambani ndi base curve yapakati pa miyeso iwiri ya pa keratometer (K). Tsiku loyamba mukhoza kudonthezera dontho limodzi la mankhwala ochititsa dzanzi kuti misozi ichepe, koma botolo limenelo lisatuluke m'chipinda chanu. Dikirani mphindi 20 mpaka 30, ikani fluorescein, yang'anani ndi kuwala kwa buluu. Chimene mukufuna n'kuti lenzi ingokhudza nsonga mopepuka kwambiri, itsamire mbali ziwiri za pakatikati, ndipo m'mphepete mukhale kamzere kobiriwira kosonyeza kuti misozi ikulowa ndi kutuluka. Pakati pakada kwambiri ndiye kuti lenzi ikukanikiza nsonga. Wodwala amaona bwino ndi lenzi yotero, koma pakapita nthawi imasiya chipsera, choncho tsikirani ku base curve ya nambala yocheperapo mpaka kukanikizako kuchepe. Thovu la mpweya likatsekeredwa pakati ndiye kuti mwapitirira. Mphamvu yoitanitsa ndi ya lenzi yoyesera kuphatikiza imene mwapeza pamwamba pake, mutaisintha ngati yapitirira 4.00.

Muuzeni zoona kuti masabata awiri oyamba adzaimva, ayambe ndi maola 2 kapena 3 n'kumawonjezera tsiku lililonse. Kafumbi kakalowa pansi pa RGP kamabaya kwambiri, ndiye magalasi a dzuwa ophimba m'mbali ndi ofunika poyenda m'misewu yafumbi. Makolo auzeni momveka kuti lenzi siichiza matendawa. Kutikita maso kuleke, ziwengo zichizidwe, ndipo ngati miyeso ikukwerabe mwanayo aonedwe ndi dokotala wa maso kuti akambirane za cross-linking, chithandizo cholimbitsa cornea. Cornea ikasongoka moti RGP siikhazikika, pali malenzi akuluakulu a scleral otsamira pa choyera cha diso, koma amenewa pitani mukaphunzire kwa amene amawadziwa musanayambe.

Enanso a m'gulu lomweli ndi munthu amene diso limodzi linachotsedwa ng'ala kapena linavulala ndipo silinaikidwe lenzi ya mkati, komanso amene maso ake awiri amasiyana mphamvu ndi 3.00 kapena 4.00 kupita m'mwamba, moti magalasi amamuonetsa zithunzi ziwiri zosiyana kukula.

Lenzi yoyesera ya RGP ikachoka pa diso la munthu itsukeni, muiviike mu hydrogen peroxide ya 3 peresenti kwa maola 3, muitsukuluze ndi saline, muisunge youma. Yofewa yoyesera ndi ya munthu mmodzi, ikatha ntchito itayidwe.

Kumuphunzitsa

Gawo ili lipatseni nthawi yokwanira, ngakhale zitatanthauza kumuuza abwerenso tsiku lina m'mawa kulibe mzere. Pakhale tebulo, kalilole, sopo ndi kapepala kopukutira. Zikhadabo zazitali ndi zomata zija ziyambe zachoka kapena kufupikitsidwa, makamaka pa chala cha mkombaphala ndi chachikulu. Asambe ndi sopo, apukute manja mpaka aume gwa, chifukwa dontho la madzi lotsala pa chala ndi lomwe tikuliopa. Thaulo la banja lonse lopachikidwa kubafa si loyenera, akhale ndi kansalu kakekake kochapa kapena mapepala.

Aziyamba ndi diso lamanja nthawi zonse kuti asasokoneze malenzi. Aike lenzi pa nsonga ya chala aiyang'ane cham'mbali: m'mphepete mukayang'ana m'mwamba ili bwino, mukatambasukira kunja yatembenuka. Dzanja lina ligwire chikope cha m'mwamba pa nsidze penipeni, chala chapakati chikokere cha m'munsi, aike lenzi, ayang'ane pansi, asiye zikope pang'onopang'ono. Povula ayang'ane m'mwamba, atsitsire lenzi pa choyera cha diso, aitsine ndi minofu ya zala. Sindilola munthu kupita ndi malenzi kunyumba asanavale ndi kuvula yekha katatu ine ndikuona, ndipo kuvula ndiko kofunika kwambiri. Ambiri amaopa kuti lenzi ipita kuseri kwa diso n'kukalowa m'mutu. Muonetseni pa chithunzi kuti kulibe njira yotero, lenzi ikasowa imakhala yabisala kunsi kwa chikope cha m'mwamba.

Kwa a malenzi a mwezi, akavula aike lenzi pachikhatho, adonthezere madzi ake otsukira, aitikite mbali zonse ziwiri, aitsukuluze, aiike m'kabokosi muli madzi atsopano. Kuwonjezera madzi atsopano pa adzulo pofuna kusunga botolo ndi chizolowezi chofala ndalama zikavuta, ndipo n'koopsa. M'mawa akhuthule kabokosi, akatsuke ndi madzi omwewo a m'botolo, akapukute ndi kapepala, akasiye chozondoka osatseka kuti kaume, ndipo kasakhale kubafa. Kabokosi kasinthidwe miyezi itatu iliyonse. Madzi owiritsa, madzi a m'botolo akumwa, madzi a mchere opanga yekha ndi malovu, zonsezi ayi. Saline amatsukuluza chabe, sapha tizirombo. Ngati mwamupatsa mankhwala a peroxide, abwereze pamaso panu kuti lenzi ikhale m'kabokosi kake kapadera maola 6 ndipo madziwo asapite m'diso mwachindunji. Posamba m'thupi, posambira ku Salima kapena pa dziwe la ku hotela, malenzi achoke. Madzi otsukira akatha ndipo ndalama palibe, avale magalasi mpaka mwezi uthe. Mawu amenewa ndimawanena kawiri.

Azimayi odzola zokongoletsa avale lenzi kaye kenako adzole, ndipo avule lenzi asanapukute kumaso. Pensulo isadutse mkati mwa mphepete mwa chikope.

Pa malenzi amitundumitundu amene akugulitsidwa pa Facebook, pa WhatsApp ndi m'masaluni, makamaka nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, musanyoze munthu amene wabwera nawo. Akabwera n'kumufunsa bwino, mwapeza mwayi. Lenzi yopanda mphamvu ndi lenzi ndithu, imafuna kuyezedwa ndi kusamalidwa chimodzimodzi. Yang'anani paketi ngati ili ndi dzina la wopanga, base curve ndi tsiku lothera ntchito. Ngati palibe, muuzeni aitaye. Kubwerekana malenzi pakati pa operekeza mkwatibwi kumachitika, ndipo muzikutchula poyera.

Kubweranso, ndi diso likafiira

Ndimamuitana pakatha sabata imodzi, kenako mwezi, kenako miyezi 6, ndipo pambuyo pake chaka ndi chaka. Wa keratoconus ndimamuona pafupipafupi kuposa apa. Abwere masana atavala malenzi maola angapo, atatenga kabokosi ndi botolo lake. Kabokosi kamanena zoona kuposa mwini wake. Muuzeni avule lenzi inu mukuona osamukumbutsa kanthu, muone ngati ayamba wafunsa posambira m'manja. Mukatero ikani fluorescein, tembenuzani chikope, yang'anani ngati mitsempha yayamba kulowerera mu cornea. Ndalama ya maulendo oyambawa iphatikizeni pa mtengo woyezera, chifukwa mukamalipiritsa paulendo uliwonse anthu sabwera. Lembani mtundu wa lenzi, base curve, m'lifupi, mphamvu ndi madzi otsukira mu faelo yanu komanso m'buku lake la kuchipatala, kuti akadwalira ku Dedza kapena ku Kasungu womuona adziwe kuti munthuyu amavala malenzi.

Mupatseni nambala imene imayankhidwa ngakhale Lamulungu. Lamulo lake ndi lalifupi: diso likafiira, likapweteka, likamaopa kuwala, likamatuluka manthongo kapena kuona kukachepa, avule lenzi nthawi yomweyo, asathire chilichonse, abwere tsiku lomwelo.

Akafika, diso lofiira la munthu wovala lenzi litengeni ngati chilonda mpaka slit lamp itakutsimikizirani kuti si chilonda. Kachirombo ka Pseudomonas kamatha kuononga cornea m'masiku awiri okha. Mukaona kadontho koyera kogwira utoto, makamaka kali pakati, kopitirira milimita imodzi, kapena mafinya atadikha mkati mwa diso cham'munsi, musamate diso ndi bandeji, musapereke steroid, ndipo musamuuze kuti tione mawa. Ululu waukulu woposa zimene mukuona, mwa munthu amene lenzi yake inakhudza madzi, ukukumbutseni Acanthamoeba, ndipo mulembe zimenezo m'kalata. Mutumizeni tsiku lomwelo ku chipatala cha maso cha pa Kamuzu Central, kalata itanena kuti amavala malenzi a mtundu wanji, anavula liti, anagona nawo kapena ayi, ndi zimene wathira kale m'diso. Malenziwo, kabokosi ndi botolo la madzi otsukira aziike m'kajumbo koyera apite nazo, chifukwa a ku labu akhoza kupezamo kachirombo kamene kavuta kupeza pa diso. Mawa lake muimbireni foni mumve ngati anafika ndipo anaonedwa.